Wathira Mchere Ndani?

Mwana wanga Esnath atabereka Reece, khitchini ya kwawo ku Bordesley Green, kudziko la azungu, inali m'manja mwanga, ndipo botolo la mchere ndinkalibisa pamwamba pa kabati. Khanda ndi lozizira, mayi wake nayenso. Akadya chakudya chimene wathira mchere ndi munthu wotentha, amene akugona ndi mwamuna wake, mwana amadulika, masaya ndi miyendo n'kutupa. Ine nkhalamba ndinazizira kalekale, ndiye wothira ndinali ine basi. Mkamwini wanga Ellard ankaseka. "Amayi, mdulo sukwera ndege." Ndinkati sekani bambo, koma botololo musaligwire.

Vuto linali lakuti Esnath sankadya. Phala ankalawa n'kukankha, mpunga ankati ukununkha. Nesi wathunthu wodyetsa odwala kuchipatala, iye mwini kukanika kumeza. Mkaka unayamba kuchepa, Reece n'kumalira bere lili m'kamwa.

Tsiku lina m'mawa kunagogoda neba wathu, mayi wachimwenye dzina lake Kulwant, atanyamula mbale yovindikira ndi kansalu. Fungo lokhalo linamutulutsa Esnath kuchipinda.

"Ndi roti, Mama, ngati chapati. Ndinkadya kwambiri ndili woyembekezera."

Ndinalanda mbale ija n'kuiika pafiriji. "Wathira mchere ndani? Mwamuna wake ndimamuona ine, wandevu uja, wamphamvu zake ndithu."

"Mama, please. Mukufuna ndiwafunse zakuchipinda mayi a eni?"

"Ndiye aphikire pano ndikuona. Mchere ndithira ine."

Esnath anapukusa mutu, koma anawauza m'Chingelezi kuti amayi akufuna kuphunzira. Kulwant anasangalala, anathamangira kwawo n'kubwera ndi ufa watirigu wofiirira, chiwaya chathyathyathya ndi kamtengo kopapatizira. Ine ndinatsitsa botolo langa n'kuima pambali pake, maso ali pampango wake umene unkalendewera pafupi ndi moto.

"Esnath, uwauze mpangowo ugwira moto. Atsegulenso windo, kachinthu kapadengako kakamva utsi kalira, tidzaza apolisi pakhomo."

Kulwant anathira ufa m'beseni, madzi ofunda pang'onopang'ono, n'kumakanda ndi nkhonya. Ndinafunsa za yisiti, anati palibe. Soda, palibenso. Atakanda mpaka kusalala anavindikira kuti ufa upume, ife n'kumwa tiyi, botolo lili pamiyendo panga. Kenako anayamba kuumba timibulu. Ndinamugwira dzanja.

"Esnath, uwauze aiwala."

Kulwant anayang'ana botolo, anayang'ana ine, n'kuyankhula akuseka.

"Akuti kwawo roti sathira mchere, Mama. Mchere umakhala mundiwo. Apa ndi ufa ndi madzi basi."

"Nanga za m'mbale zija?"

"Same same," anatero Kulwant, ndipo zimenezo ndinamva ndekha.

Ndisanatembenuke n'komwe Esnath anali atatsitsa kale mbale pafiriji. Anapinda roti imodzi n'kuiluma ataima, wosakhala pansi ngati munthu wamkulu. Ndinafuna kumudzudzula koma ndinangopezeka ndikuseka, botolo lili m'manja lopanda ntchito.

Kulwant anapapatiza kambulu mpaka kupyapyala, anaika rotiyo pachiwaya, anatembenuza, kenako ndi zala zake zomwezo anaiponya pamoto wa gasi. Inatupa pomwepo n'kukhala ngati chibaluni. Ine ndinabwerera mpaka pachitseko.

"Iphulika imeneyo. Chotsa mwana."

"Ndi nthunzi chabe, Mama, ili m'kati. Mwananso ali kuchipinda."

Kulwant anaitsitsa, inaphwa yokha, n'kuipaka batala. Kenako anandipatsa kamtengo kaja. Yanga inatuluka ngati phazi la munthu, uku yokhuthala uku yobooka, ndipo inakana kutupa. Kulwant anainyamula m'mwamba akuionetsa Esnath, onse misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Yachitatu inatupa mbali imodzi. Ndinaomba m'manja ndekha, ine amene ndinkati sindiyandikira motowo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakanda ufa m'mawa uliwonse, windo lili lotsegula. Esnath ankadya ndi nyemba, ndi mazira, nthawi zina ndi tiyi yekha. Sabata isanathe ndinakhala naye pampando masana akuyamwitsa, ndinatchera khutu, ndipo ndinamva Reece akumeza, gudyu, gudyu, mpaka mkaka kutsikira m'khosi. Mayi wake dzanja lina linali m'mbale.

"Tafuna kaye iwe," ndinatero. "Utsamwidwa."