Zala Ziwiri za Telala

Zaka zitatu zathunthu telala ankaonetsa mwamuna wake banga lotuwa pamkono, mwamunayo n'kumangoti, "Likuwawa? Ayi? Ndiye mukudandaula chiyani, mayi?" Zinali choncho mpaka tsiku limene singano ya makina inamuboola chala, iye n'kudziwira magazi pansalu ya kasitomala.

Tsopano anali m'kachipinda ka dokotala, mwamunayo ali pambali, chipewa pabondo. Dokotala anauza telalayo kuti atsinzine, n'kumamukhudza zala ndi kathonje.

"Mwamva?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

"Kodi mwayamba kale?"

Dokotala anaika kathonjeko pansi. "Amayi, ili ndi khate. Mankhwala alipo, tizilombo toyambitsa matendawa tifa. Koma mitsempha ya zala ziwirizi inafa kale. Sizidzamvanso kanthu."

Telala anapsa mtima. "Nanga thupi langali linali kuti? Chimfine chabe, ndimatentha ngati mbaula. Koma chinthu chondidya zala, thupi lili zii?"

"Asilikali a m'thupi anationa tizilomboto," anatero dokotala. "Koma pakati pawo pali ena, ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuti nkhondo isapyole muyezo. Pa khate la mtundu uwu, oletsawo ndi amene amakula mphamvu. Anzawo akati adzuke, iwo amati khalani pansi, palibe vuto."

"Mwamvatu," mwamuna uja analowerera, nkhope itamasuka. "Ndi asilikali. Palibe wolakwa apa."

Ha! Munthu ameneyu alibe manyazi. Telala anatembenuka ndi mpando womwe.

"Palibe wolakwa? Ankati kupita kuchipatala n'kutaya tsiku la ntchito ndani? Ankati ndi chipere, ndingodzola mafuta, ndani? Adokotala, nenani iwowa akumva. Ndikanabwera chaka choyamba chija, zala zanga zikanatani?"

Dokotala anayang'ana pafayilo. "Mwina tikanazipulumutsa."

Telala anatuluka, mankhwala ali m'chikwama, akulalatabe m'khonde lodzaza odwala. Ulusi adzaumva ndi chiyani? Mpendero wa diresi adzaupinda bwanji? Mwamuna ankamulondola akunong'ona: "Mayi, chonde, anthu akutiyang'ana. Tsitsani mawu."

"Ayang'ane! Ndinatsitsa mokwanira ine!"

Atati akweze dzanja kuti amuloze kumaso, dzanjalo linakana. Anayang'ana pansi. Mwamunayo anali atamugwira zala ziwiri zija, akuzisisita, kaya kuyambira liti.