Nambala ya Alangizi

Gulu lathu la pa WhatsApp, la alimi a fodya kuno ku Nsaru, linali ndi ngongole yanga ya yankho. Ine Zelifa, tsiku lililonse la msika ndimawauza anthu amenewa mtengo wa mtedza ndi soya kuti mavenda asawabere. Koma nazale yanga itayamba kufa, onse anangoti zii.

Mbande zinkaola m'tsinde n'kugwa. Bedi loyamba linali litatha, lachiwiri litayambako, mvula ili pafupi. Zikanatha zonse, ndikanaoka chiyani? Ndinajambula chithunzi n'kutumiza ndi mawu, poti kulemba kumandichedwetsa: "Abale, nthenda yanji iyi?"

Masiku atatu. Foni ikuonetsa kuti anthu makumi anayi amva, koma woyankha palibe.

Tsiku lachinayi ndinawapeza a Andrea kudimba kwawo. Bambo amenewa alima fodya kuyambira ine ndisanakwatiwe.

"A Andrea, pakamwa panatupa kapena chala chinathyoka?"

"Amake Maureen, mwadzuka bwanji kaye?"

"Ndadzuka ndi mbande zoola. Mwaona chithunzi, eti?"

Anakanda m'mutu. "Ndaona. Koma za matenda n'za alangizi. Iwo ali m'gulu momwemo, ndiye ine ndiyambe kulankhula asanayankhe? N'chipongwe chimenecho."

Ndinafunsanso anthu ena awiri, yankho lomwelo. Aliyense akudikira alangizi a zaulimi, amene tinawaika m'gulu zaka zitatu zapitazo.

Ine zodikira sindizitha. Ndinagula mayunitsi n'kuimba nambala ya alangiziwo. Anayankha ndi mayi, kumbuyo kukumveka mafuta akuthetheka.

"Ndikufuna alangizi."

"Alangizi ati? Ine ndine Rhoda, ndimakazinga zitumbuwa ku Kasiya. Bamboyo anapuma ntchito chaka chatha, foni anandigulitsa ndi nambala yake yomwe. Ndinu a fodya aja? Mumandithera bandulo ndi zithunzi za masamba. Kutulukamo kwake m'gulu lanulo sindikudziwa."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

"Mayi, bwerezani zomwezo m'gulu muja, ndi mawu anu."

"Mundigulira bandulo ya sabata?"

"Ya tsiku."

"Ya masiku atatu."

"Ya tsiku, ndipo ndikutulutsanimo lero lomwe. Mukana, zithunzi zizibwerabe."

Anavomera. Mawu ake atalowa m'gulu, ndinaikapo anga: "Mwawamva alangizi anu amene mwakhala mukuwagwadira? Akukazinga zitumbuwa. Tsopano yankhani, mbande zanga zikuola."

Foni inayamba kulira ngati yapenga. A Tobias, a m'tchalitchi mwathu, akuti ndachulutsa madzi. A Lines akuti udzu wophimbira wakhuthala. Wina n'kuyamba kudandaula za ng'ombe yake imene inafa mu Juni, naye ankadikira alangizi omwewo.

A Andrea sanalembe kanthu. Anabwera okha masana, atakwinya thalauza mpaka m'mawondo, maso ali pansi. Anachotsa udzu wina, anazula mbande zoola n'kukazitaya kutali, anakumba kangalande m'mbali mwa bedi.

"Muzithirira m'mawa mokha, pang'ono. Nthendayi ndinaidziwa tsiku loyamba lomwe."

"Ndiye bedi lathalo mulidziwenso. Mbande zake zichokera kwanu."

Anatola khasu n'kumapita.

Mvula itagwa, anabwera nazo pa njinga, madengu awiri odzaza. Ekala yonse ndinaoka, mpaka mzere wa kumalire.