Buloko ya Bwana Majid

Elliot Mkandawire anali dalaivala wa banja lina ku Al Twar, mumzinda wa Dubai. Za galimoto ankadziwa chiwongolero, mabuleki ndi pothira mafuta, basi. Openga ndi mainjini anali abwana ake, a Majid. Chitsekereni maofesi chifukwa cha kolona, bamboyo ankangokhalira m'galaja, kuphwasula kagalimoto kakale kamene ankafuna kukasandutsa ka mpikisano. Chimene chinatsala kugula chinali buloko, chimthunthu cha injini chija chokhala ndi mabowo momwe mumathamanga mapisitoni.

Tsiku lokaiona litayandikira, a Majid anapezeka ndi kolona. Sanadwalike, koma anawatsekera m'chipinda cham'mwamba, chakudya n'kumawasiyira pakhomo. Elliot, yemwe ankagona kuchipinda chakunja, atamuyeza anapezeka alibe.

"Wogulitsa uja akuti pali winanso akuifuna," anatero abwanawo pafoni, mawu atasasa. "Yalla, pita iweyo. Ukayatse kamera, ine ndiziona ndili konkuno."

"Bwana, ine bulokoyo ngakhale maonekedwe ake sindiwadziwa."

"Maso akhala anga. Iwe ungondibwereka miyendo."

Selinah, mlezi wa ana a pakhomopo, Mmalawi mnzake wa ku Balaka, anaseka mpaka kugwira chitseko. "Achimwene, chonde musakabwere ndi mbaula."

Shopuyo inali ku Al Qusais, chishedi chachitali chamalata, chonunkha oyilo. Mwini wake anali Mpakistani wina dzina lake Nadeem, masiki ili pachibwano. Anamulondolera mpaka kumapeto kwenikweni kumene kunali mabuloko awiri, ina yonyezimira ya aluminiyamu, ina yachitsulo, yakuda bii.

Mtima wa Elliot unathamangira yonyezimirayo, koma mawu a pafoni ankangolamula. "Sendera. Unika m'bowomo. Yendetsamo chala, mukumveka mzere?" Kumbali kwa ya aluminiyamu ija kunapezeka chipsera pamene anawotchererapo kale.

"Khalas, tisiye imeneyo. Yachitsuloyo ndi yolemera, koma ndikaiwonjezera mphamvu siing'aluka. Mufunse mtengo."

"Madiramu 18 sauzande," anatero Nadeem. "Osachotsera."

Pomwepo chithunzi chinauma. Abwana anangotsala kukamwa kuli yasa, netiweki itathawa m'malatamo. Elliot anayang'ana foni, napukusa mutu, n'kuuyamba wa panja kukasaka netiweki.

"Habibi, mnzanga! Ukupita kuti? Chabwino, 16!" anakuwa Nadeem kumbuyo kwake.

Elliot anakweza dzanja kuti adikire kaye. Nadeem anayesa akumukanira.

"15 ndi theka! Ndili ndi ana inetu!"

Apa m'pamene Elliot anatulukira chimene chikuchitika. Mwamwayi masiki inabisa kumwetulira kwake. Injini sankaidziwa, inde, koma anakulira pafupi ndi msika wa Limbe, ndipo mayi ake sankagula ngakhale sikipa ya pakaunjika asanachokepo kawiri. Anaika foni m'thumba, natulutsa makiyi n'kumawaliza, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa za shopu ina.

"Bizinesi yafa chaka chino, bhai, m'bale wanga, usandiphe," Nadeem anadandaula ali m'mbuyo mwake, dzuwa likuwotcha onse awiri.

"Kwathunso yafa," anayankha Elliot, akutsekula chitseko cha galimoto. "13."

Anagwirizana pa 14, Nadeem n'kuwonjezerapo mabawuti ake ndi kapu ya tiyi wa karaki. M'malo mopatsana moni wa m'manja anagundanitsa zigongono.

Netiweki itabwerera, a Majid anali atatuluka thukuta. "Unasowera kuti? Muuze kuti 17 ndilipira, asampatse wina!"

"Mwachedwa, bwana. Ndagula kale pa 14."

Atamva mmene zayendera, bamboyo anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, madamu n'kumveka akugogoda chitseko kufunsa ngati aitane ambulansi. Madzulo ake buloko inafika pa kalole, amuna anayi akuitsitsa movutikira, a Majid akuwomba m'manja pawindo lam'mwamba ngati mwana woona ndege.

Injiniyo inalira koyamba nyengo yotentha itapita. Inabangula mpaka amphaka a mumsewumo anabalalika, ana a m'nyumbamo atatseka makutu. A Majid anatuluka m'galimotomo, akumwetulira mano ali mbee, naponyera Elliot makiyi.

"Unaigula ndiwe. Yamba ndiwe kuyendetsa."

Elliot anakhala pampando, namanga lamba, nakonza magalasi onse atatu bwinobwino. Kenaka, a Majid atakhala pambali pake, analowa mumsewu mofatsa, monga ankachitira popereka ana kusukulu, ndipo njinga yamoto yoperekera zakudya inawapitirira.

"Ponda, Elliot! Ndakupempha, ponda!"

"Kutsogoloku kuli kamera ya apolisi, bwana," anatero Elliot, n'kuyatsa indiketa.