Kaloga Wokana Madzi

Mvula ikachedwa, chenjerani ndi abale anu omwe, poti ndiwo amaona chilichonse cholowa ndi kutuluka m'nyumba mwanu.

A Faines a ku Bowe anali ndi kaloga wa kuchipululu, wobulungira, waminga ngati nungu. Anawabweretsera ndi mwana wawo Kalisto, woyendetsa thiraki, kuchokera ku Namibia, pa ulendo womaliza asanafe pangozi. Anawalangiza kuti amubzale mumchenga wa kumtsinje, aziwothera dzuwa, madzi masupuni awiri pamwezi basi, ndipo mvula isamugwere, angawole. Zaka zisanu ndi zinayi, kalogayo anangokula ngati chibakera.

Ndiye mitambo ikangoda, a Faines ankataya khasu kumunda, n'kuthamanga ndi miyendo yawo yanyamakazi ija kukalowetsa mphika wa kaloga m'nyumba. Anthu ankaona. Anthu amaonatu, inu.

Chaka chimenecho chimanga chinafota chili m'mawondo. Mitambo inkabwera kuchokera kumapiri a Ntchisi, a Faines n'kulowetsa mphika, mitambo n'kubalalika. Kawiri, katatu. Kuchigayo kunayamba kumveka zoti nkhalamba ija ikumanga mvula mumphika.

Anthu a m'mudzi anabwera dzuwa lili paliwombo. Patsogolo panali Yoswa, mwana wa mchimwene wawo, ndowa yamadzi kumanja, chikwanje kumanzere. Mwala woyamba unaswa zenera. Wachiwiri unawang'amba a Faines pamphumi, magazi n'kutseka diso. Anayesa kunena za Kalisto ndi malangizo ake, koma wina anawakoka duku, wina n'kuwakhoma ndi mpini m'nthiti.

"Azakhali, thirani madzi onsewa pachinthu chanucho, mvula imasuke," anatero Yoswa. "Mukakana tikutenthani nacho limodzi."

"Iwe Yoswa, ndinkakubereka kumsana kuno. Madzi otere awola nawo."

Khamu linabangula kuti chomera chanji chokana madzi, si umboni umenewo? Yoswa anawapotokola mkono mpaka fupa linalira. A Faines anagwada. Ndi dzanja lotsalalo anapendeketsa ndowa, madzi n'kudzaza mphika, kusefukira, kusakanikirana ndi magazi pakhonde.

Onse anayang'ana kumwamba. Kunali mbee. Yoswa anati abweranso mawa ndi ndowa ina, ndipo mphikawo aupeze panja pomwepo, apo ayi mafuta owatenthera agula kale.

Anthu atabalalika, a Faines anakwawira pamphika paja. Anapisa zala m'matope, minga ikulowa pansi pa zikhadabo, mpaka anamuzula kaloga ndi timizu take. Anamupukuta ndi phulusa louma la pamafuwa, anamukulunga m'chitenje, n'kumanga mfundo ndi mano.

Minga inkabowola nsalu n'kuwabaya pachifuwa. Sanamusunthe. Mkono wothyokawo ukulendewera, anadzera kuseri kwa nkhokwe, nalunjika njira ya ku Malomo kwa mwana wawo wamkazi Talandira, chitseko atachisiya chotsekula.