Mtundu wa a Telala

Telala anakhala pampando wachitsulo, manja ali pamaondo, maso ali pa batani lolendewera la jekete ya adokotala. Mkazi wake anakhala pambali atafumbata botolo la madzi, chifukwa kwa miyezi itatu chakudya chinkamukakamira pakhosi mwamuna wakeyo.

"Tisanakulowetseni kapaipi kounikira kummero, ndili ndi mafunso," anatero adokotala, mayi wa magalasi. "Fodya? Mowa?"

"Ayi."

"Ndinu a mtundu wanji? Musadabwe. Matenda a kummero ndi m'mimba sagwira mitundu yonse mofanana. Mwina ndi magazi, mwina kadyedwe, mwina kumene munthu anakulira."

Mkazi uja anayankha msanga, kutchula mtundu wa kwawo. "Ndife amodzi. Kungoti iwowa makolo awo anamwalira akadali aang'ono."

Adokotala analemba. Telala anayang'ana cholembera chikuyenda. Bodzali linali ndi zaka makumi awiri. Apongozi ake aamuna ankanyoza anthu a mtundu wa Telala poyera, kutsanzira kalankhulidwe kawo mpaka alendo kugwira nthiti. Iye, pofuna mwana wawo, anawongola lilime n'kunena kuti ndi wamasiye. Pa nthabwala zija ankaseka nawo, nthawi zina kuposa onse.

"M'banja mwanu mulibe amene anavutikapo kumeza?"

"Angadziwe bwanji?" anatero mkazi wake.

Telala anameza malovu, ndipo ngakhale malovuwo anamupweteka.

"Fufutani zimene mwalembazo, adokotala."

Anatchula mtundu wake weniweni, mawu ali pansipansi. "Mayi anga anamwalira ndi khansa ya kummero. Amalume anganso chimodzimodzi."

"Mayi anamwalira liti?" anafunsa adokotala.

"Chaka chatha."

Adokotala sanadzutse mutu. Anadula mzere pa zimene analemba, n'kunena kuti amuunika mawa lomwe m'malo modikira mwezi wamawa, ndiponso kuti ana ake ayenera kuidziwa mbiri imeneyi.

Atatuluka anakhala pabenchi ya pakhonde. Namwino anadutsa akukankha njinga ya odwala, gudumu limodzi likulira. Mkazi uja sanamuyang'ane.

"Chaka chatha," anatero. "Ulendo uja munati mukukagula nsalu?"

"Eya."

"Munabwera chimanjamanja, maso ali psuu. Ine n'kumati mwapeza mkazi wina."

"Ndinkaopa abambo anu."

"Abambo tinawaika kalekale."

"Ndiye ndinkaopa inu."

Mkazi anatembenuza botolo lija m'manja. "Ana athu anali ndi agogo awo, bambo. Agogo amoyo. Ine ndinali ndi apongozi, akudwala, osawatungira ngakhale madzi."

"Ankakudziwani pachithunzi," anatero Telala. "Ankandifunsa ngati mumandidyetsa bwino. Tsiku lomaliza anati, usawavutitse anthu, ife tinazolowera."

Ananena mawu amenewa akuyang'ana nsapato zake. Ankadikira kuti mkazi wake akalipe, mwina aimirire n'kumapita, ndipo zikanamupepukira. Koma mayiyo anaphimba nkhope ndi dzanja.

"Inenso ndinkawatsanzira anthu a kwanu," anatero. "Patebulo, ana akumva. Inu muli pomwepo."

"Simunkadziwa."

"Kudziwa kunali kofunika?"

Mkazi uja anachotsa dzanja kumaso.

"Kwanu kwatsala ndani?" anafunsa.

"Mlongo wanga."

Mkazi anatulutsa foni m'chikwama n'kumuikira pamwendo. "Aimbireni. Muwauze kuti nawonso akaunikidwe."

"Pano?"

"Pompano."

Nambala ya mlongo wake Telala ankaidziwa pamtima. Foni inaitana katatu, kenako mawu a mlongoyo anamveka. Telala anatsokomola, n'kupereka moni m'chilankhulo cha kwawo, mawu akuphunthwa ngati a mwana. Mkazi wake anasendera pafupi, n'kupendeketsa mutu kuti amve mawu a mlamu wake.