Pikiapu Yochokera ku Pretoria

A Suwedi anali atayamba kale kumasula makina osokera pathebulo pamene mlongo wawo analankhula.

"Achimwene, makinawo asiyeni."

Sanawasiye. Pali anthu ena oti ukawaletsa chinthu m'pamene manja awo amapeza mphamvu, ndipo a Suwedi anali mmodzi wa iwo. Anali atafika m'mamawa kuchokera ku Pretoria pa pikiapu yobwereka, makatoni opanda kanthu ali kumbuyo. Mwini galimotoyo ankaifuna dzuwa lisanalowe.

Munira, mlongo wawoyo, anali atakhala pamkeka atafunda nsalu kumutu. Panali patatha masiku asanu ndi atatu chiikireni mwamuna wake, a Maliki, telala wa ku Fordsburg, mumzinda wa Joni. Matsotsi anawabaya m'mawa wina akuchokera kumzikiti, chifukwa cha kafoni kakale kosweka galasi. Anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, abale a ku Mangochi akungolirira pafoni. Sadaka inali itachitika dzulo lake. Tsopano anthu anali atabalalika, ndipo m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu ya telalayo munangotsala anthu atatu.

"Ndili pa eda," anatero Munira. "Miyezi inayi ndi masiku khumi, m'nyumba ya mwamuna wanga. Mukudziwa."

"Ndikudziwa, ndipo ndafunsa. A shehe athu ku Laudium, ku Pretoria konko, akuti ngati pamalo pali poopsa, namfedwa akhoza kukamalizira eda kwa abale ake. Nanga kuopsa kumaposa apa? Magazi a alamu anga sanafufutike n'komwe pamsewupo."

Rukiya, mwana yekhayo wa malemuwo, mtsikana wa zaka makumi awiri, anaima pakhomo la kuchipinda atapinda manja. Nkhope anatengera mayi ake, koma pakamwa sizinkadziwika kuti anatengera yani.

"Ku Pretoria munthu umayenda foni ili m'manja," anapitiriza a Suwedi. "Misewu ndi yoyera, renti ndi yabwinoko. Madamu amene ndimawagwirira ntchito ali ndi mng'ono wawo amene akufuna munthu wapanyumba, wodziwa kuphika. Avomera kudikira mpaka eda ithe, bola akuone sabata ino. Chipinda chilipo kuseri kwa nyumba. Kuno ku Joni kuli chiyani? Phokoso, zinyalala, ndi anyamata a mipeni."

"Ku Pretoria kulibe mipeni, amalume?" anafunsa Rukiya. "Suja anakuvulani nsapato ku Marabastad masanasana?"

"Anandivula nsapato. Moyo anandisiyira."

Mawuwo anagwa molemera. Koma Rukiya sanagonje.

"Ine ntchito yanga ili kuno, m'mashopu a pa Plaza. Ku Joni akakuchotsa Lolemba, pofika Lachitatu wapeza kena, kaya n'kunyamula makatoni. Kwanuko ndi kwa maofesi a boma, aliyense amayamba wafunsa mapepala. Chizulu ndachiphunzira movutikira, ndiye ndikayambirenso Chisutu ngati mwana wa sitandade wani?"

"Uzikwera takisi. Ndi ola limodzi basi."

"Ola limodzi pakamwa panu. Kugona uko, ntchito kuno? Mapanga awiri avumbwitsa, amalume."

Chovuta pa mikangano ya pambuyo pa maliro n'chakuti nthawi zambiri onse amakhala akunena zoona. Pretoria ndi wofatsa, amagona msanga, koma satsegulira chitseko munthu amene sakumudziwa. Joni amakudyetsa ndi dzanja limodzi kwinaku akukumenya ndi linalo. Munira ankazidziwa zonsezi. Chimene sankanena n'chakuti anali ndi mantha. Chimwalirireni mwamuna wake, munthu akangodutsa pafupi ndi zenera mtima wake unkadumpha. Ankafuna kupita, ndipo ankachita manyazi ndi kufunako.

A Suwedi anaziona zimenezi m'maso mwake, ndipo anakanikiza pomwepo.

"Munira, mwini mbumba ndine. Chikakuchitikira chinthu kuno, mayi kumudzi ndidzawauza chiyani? Alamu ndinawauza kangati? Chaka ndi chaka: tiyeni ku Pretoria, kuli Amwenye akusowa telala. Iwo kumangoseka, amvekere, 'Ndamva, alamu.' Chifukwa chake osanena. Makani basi. Lero ali kuti?"

"Musawanene ali m'manda."

"Sindikuwanena. Ndikunena kuti galimoto ili panjayo inyamuka folo koloko, ndipo sindidzabwerekanso ina."

Munira anayang'ana mwana wake, kenako anayang'ana khoma pamene panali patapachikidwa mikanjo ya makasitomala yosamaliza kusoka. Analankhula motsitsa, ngati munthu amene akuvomera mlandu.

"Rukiya, yamba ndi mbale."

"Amayi."

"Ndati yamba ndi mbale."

Mtsikanayo anakoka katoni mwaukali n'kuyamba kukulunga mbale m'manyuzipepala, misozi ikudonthera pa zilembo. A Suwedi anabwerera ku makina aja. Anali atapambana, koma nkhope yawo sinkaoneka ya munthu wopambana.

Katoni yachiwiri ili pafupi kudzaza, wina anagogoda pachitseko.

Onse anaima chilili. Munira anagwira pamtima. A Suwedi anafumbata chitsulo chimene ankamasulira makina, n'kutsegula pang'ono pokha, phazi atatsekereza kunsi kwa chitseko.

Panja panaima mayi wa zaka ngati makumi anayi, atavala chitenje chofwifwa ndi juzi yachimuna, kolona ili m'khosi. Pambali pake panali chikwama chachikulu chamizeremizere chomangidwa ndi chingwe. Mapazi ake anali atatupa mpaka kusefukira m'mbali mwa masilipasi. M'manja anali ndi kapepala.

"Odi. Pepani, ndikufuna kwa a Maliki atelala."

"Ndinu ndani?" anafunsa a Suwedi.

"Ndine Veronika, wa ku Ntcheu. Ndatsika basi m'mawawu ku Park Station. Amene amati adzandichingamira foni yawo sikugwira, ndadikira mpaka anthu onse atha. Ndiye kondakitala wandilembera apa. Akuti wosowa kolowera amapita kwa a Maliki, sabweza munthu."

Kondakitalayo, yemwe moyo wake wonse umathera pamsewu, uthenga wa maliro anali asanaumve.

"A Maliki anatisiya, mayi," anatero a Suwedi. "Tinaika sabata yatha. Ndipo pano tikusamuka."

"Ayi, pepani. Pepani kwambiri." Mayiyo anapinda kapepala kaja kawiri n'kukalowetsa m'juzi. Anawerama kuti asenze chikwama, kenako anayang'ana kumtunda kwa msewu, n'kuyang'ananso kumunsi. Konse kunali kofanana kwa iye.

Munira anadzuka pamkeka. Anafika pakhomo n'kugwira chitseko pamwamba pa dzanja la achimwene ake.

"Mumati chifukwa chokanira kusamuka sankanena," anatero. "Basi za kumudzi zimathera ku Joni, achimwene. Sizithera ku Pretoria."

A Suwedi anayang'ana pansi. Maso awo anali pa mapazi a mlendoyo. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo iwonso anaima pakhomo lomweli atayenda masiku awiri pabasi, nsapato zili m'manja chifukwa zinkakana kulowa. A Maliki sanawafunse za pasipoti kapena za masiku amene akhale. Anawakhazika pampando wawo wosokera, n'kubwera ndi beseni la madzi ofunda othira mchere, nagwada pansi, bambo wamkulu ndithu, kumawasisita akakolo mlamu wawo. Atatha miyezi itatu a Suwedi anapeza ntchito ku Pretoria, ndipo zimenezi anaziiwala monga timaiwalira tonse tikakhuta. Tsopano manyazi anawagwira.

Anachotsa phazi kuchitseko.

"Ndiye madamu aja ndikawauze chiyani?" anafunsa.

"Mukawauze kuti ndili pa eda."

"Mantha aja atha?"

"Sanathe."

A Suwedi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaika chitsulo chija m'thumba, natuluka panja, n'kunyamula chikwama cha mayi Veronika. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera, ndipo anachita kuchikokera m'nyumba cham'mbali.

"Lowani, amayi," anatero Munira. "Nyumba yake ndi yomweyi. Rukiya, teleka madzi. Uthiremo mchere."

Rukiya anali atayatsa kale sitovu. Sanafunse kuti mchere wochuluka bwanji.

Mlendoyo anakhala pampando mwamanyazi, akupepesabe chifukwa chofika pa nthawi yolakwika. Beseni litabwera, Munira anakokera nsalu yake kumbuyo n'kugwada pansi. Anayesa madziwo ndi chigongono, anamuvula mayiyo silipasi, kenako ananyamula phazi lotupalo ndi manja awiri.