Lamba wa Chikwama

Mdzukulu wawo anali ndi zaka zisanu, koma agogo anali asanamugwirepo dzanja. Nyamakazi inali itawapinda zala, mfundo zitatupa ngati zalumidwa ndi mavu. Dokotala anawauza kuti matendawa akakhalitsa, thupi limamva ululu ngakhale pa zazing'ono, ndipo sananame. Munthu akangowakhudza, ululu unkafika mpaka m'mano. Bulangete lenilenili linkawalemera.

N'chifukwa chake anapangana ndi kamtsikanako kuti pochokera kusukulu kazigwira lamba wa chikwama chawo. Mpongozi wawo, mayi wa mwanayo, zimenezi sankagwirizana nazo ngakhale pang'ono.

"Amayi, msewu uja si wamasewera," anatero m'mawa umenewo akuthamangira kuntchito. "Kukangochitika kanthu, ine ndipeza wantchito azikamutenga."

Ulendo wa kusukuluwo ndi ntchito yokhayo imene nyamakazi inawasiyira agogo. Makina osokera inawalanda, mpeni inawalanda, mabatani a bulauzi ankachita kuwamangira ena. Ndiye ichinso chipite?

Masana anaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti magalimoto achepe, mwana atagwira lamba bwinobwino. Kenaka kamphepo kanaulutsa pepala limene mwanayo anajambulapo kalasi yake, iye n'kulithamangira. Lamba uja anapepuka mwadzidzidzi.

Kumanja kunkabwera lole. Agogo sanaganize kawiri. Dzanja lomwe lija, lokanika kutsegula botolo, linambwandira kamkono ka mwanayo n'kumukokera kumbuyo. Ululu unawang'amba kuyambira m'zala mpaka m'khosi, m'maso munada bii, koma sanataye. Lole inadutsa ikuliza hutala, pepala lija lili kunsi kwa matayala.

"Usakawauze amayi ako," anatero agogo. "Wamva?"

Mwana anagwedeza mutu.

Pofika madzulo dzanja linali litatupa ngati buledi. Analibisa pansi pa nsalu ya patebulo. Mpongozi anawaikira kapu ya tiyi patsogolo.

"Tiyi akuzizira, amayi."

"Ndimwa, mwanangu."

Sakanatha kuinyamula kapuyo, ndipo mpongozi anali akuwayang'anitsitsa. Mwana naye ankangotakataka pampando. Chinsinsi m'mimba mwa mwana sichigona tsiku.

"Amayi, mukudziwa? Lero agogo andigwira dzanja! Mwamphamvu! Onani!"

Anatambasula kamkono monyadira. Zikhadabo zinali zitasiya timizere tinayi.

Mpongozi anayang'ana timizereto nthawi yaitali. Kenaka anakweza nsalu ya patebulo pang'onopang'ono, naona dzanja lija.

"Inali galimoto?"

"Lole," anayankha agogo. Basi, zathera pompa, anaganiza motero.

Mpongozi anagwada pambali pawo. Sanalikhudze dzanjalo. Anatenga kapu, nauzira tiyi ngakhale anali atazizira kale, n'kuwaikira pakamwa.

"Mawa kusukulu akuweruka msanga, amayi," anatero misozi ili chuchuchu. "Musachedwe."